Egas Moniz, Dokotala Amene Anayamba Kujambula Mitsempha ya mu Ubongo

Masiku ano munthu akachita sitiroko, madokotala amatha kuona zimene zavuta m'mutu mwake popanda kumung'amba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 sizinali choncho. X-ray inkaonetsa bwino fupa la mutu, koma ubongo wokha sunkaoneka. Mmodzi mwa anthu amene anasintha zimenezi ndi Egas Moniz wa ku Portugal.

Moniz anabadwa pa 29 November 1874 ku Avanca. Anaphunzira udokotala pa yunivesite ya Coimbra, kenako anapita ku France kukazama pa matenda a ubongo ndi minyewa. Akadali mnyamata anayamba kudwala gout, matenda otupitsa mfundo za mafupa, ndipo m'kupita kwa nthawi zala zake zinapindika. Mu 1911 anakhala pulofesa ku Lisbon. Kwa zaka zambiri mtima wake unalinso pa ndale. Anakhalapo phungu, kazembe wa dziko lake ku Spain, komanso nduna yoona za ubale ndi mayiko ena.

Kafukufuku amene anamutchukitsa anamuyamba atasiya ndale, ali ndi zaka zoposa 50. Pa nthawiyo madokotala akafuna kudziwa pamene pali chotupa, ankagwiritsa ntchito njira ya Walter Dandy wa ku America, yopopera mpweya m'mipata ya ubongo kenako n'kujambula. Njirayi inkazunza kwambiri odwala. Moniz anaganiza zina. Mankhwala oonekera pa X-ray atabayidwa mumtsempha wa pakhosi umene umapititsa magazi ku ubongo, mitsempha ya m'mutu ingaoneke pachithunzi ngati mizu ya mtengo. Chotupa chikamakula chimakankha mitsempha yoyandikana nacho, choncho pamene mitsempha yapatuka m'pamene pali vuto.

Anayamba kuyesera pa nyama ndi pa mitembo. Atafika pa anthu amoyo zinthu zinavuta, ndipo wodwala mmodzi anamwalira atabayidwa mankhwala a strontium bromide. Moniz anasiya mankhwalawo n'kuyamba kugwiritsa ntchito sodium iodide. Popeza manja ake anali opuwala, dokotala wachinyamata wa maopaleshoni, Pedro Almeida Lima, ndi amene ankagwira ntchito ya manja. Mu June 1927 anapeza chithunzi chooneka bwino cha mitsempha ya mnyamata amene anali ndi chotupa m'mutu, ndipo mwezi wotsatira Moniz anakaonetsa zotsatirazo kwa madokotala anzake ku Paris. Njirayi, yotchedwa cerebral angiography, inakhala yodalirika kwa zaka zambiri mpaka pamene makina a CT anabwera m'zaka za m'ma 1970. Mpaka lero ikuthandiza kupeza mtsempha wotsekeka kapena wofufuma umene ungaphulike.

Koma mbiri ya Moniz ili ndi mbali ina yowawa. Mu November 1935 iye ndi Lima anayamba kuchita opaleshoni yodula minyewa ya kutsogolo kwa ubongo pofuna kuchiza matenda a maganizo. Atachita opaleshoniyi pa odwala 20, Moniz analengeza mu 1936 kuti ambiri apezako bwino, ngakhale kuti anangowatsatira kwa nthawi yochepa. Ku America, Walter Freeman anaifalitsa pa dzina loti lobotomy, ndipo anthu masauzande ambiri anachitidwa opaleshoniyi. Ena anakhaladi phee, koma ambiri anasanduka anthu opanda chidwi ndi chilichonse, osathanso kudzisamalira, ndipo ena anamwalira. Inayamba kutha m'zaka za m'ma 1950 mankhwala a chlorpromazine atapezeka.

Chodabwitsa n'chakuti mphoto ya Nobel imene Moniz analandira mu 1949 inali ya opaleshoniyi, osati ya kujambula mitsempha. Zaka 10 izi zisanachitike, wodwala wina wa matenda a maganizo anamuwombera ndi mfuti, koma anapulumuka n'kupitiriza kuona odwala. Anamwalira ku Lisbon pa 13 December 1955.

Ife amene tikukonzekera ntchito yosamalira anthu tili ndi zoti tiphunzirepo. Pa ntchito yoyamba ija, Moniz ankayesa, kuona pamene zalakwika n'kukonza, ndipo chithunzi chinkachitira umboni. Pa yachiwiriyi anafulumira kunena kuti zatheka, pomwe odwalawo analibe mphamvu zokana kapena zofotokoza zimene ataya. Dziko linamupatsa ulemu waukulu chifukwa cha ntchito imene inadzasiyidwa, koma imene ikupulumutsa miyoyo mpaka lero ndi ija anaigwira moleza mtima.