Hergé ndi Buku Limene Lidafika Nthawi Yake Isanakwane

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Mwambi umenewu ukuyenera aliyense wofuna kumvetsa ntchito ya Georges Remi, mmisiri wojambula wa ku Belgium amene dziko limamdziwa ndi dzina lakuti Hergé. Munthuyu adatha zaka zoposa 50 akujambula nthano za m'zithunzi za mnyamata mtolankhani wotchedwa Tintin ndi kagalu kake koyera, ndipo zambiri za moyo wake zidabisala m'kachithunzi kamodzi kamene owerenga ambiri amangokapitirira.

Remi adabadwa pa 22 Meyi, 1907, ku Etterbeek mumzinda wa Brussels. Dzina lakuti Hergé adalipanga potembenuza zilembo zoyamba za maina ake, R ndi G, monga zimamvekera m'Chifalansa. Atamaliza sukulu adalembedwa ntchito ku nyuzipepala ya Chikatolika ya Le Vingtième Siècle, ndipo m'gawo la ana la nyuzipepalayo ndi mmene Tintin adaonekera koyamba pa 10 Januwale, 1929.

Nthano zake zoyambirira adazijambula mothamanga, osafufuza. Yoipitsitsa pa zimenezi ndi Tintin in the Congo ya 1930 mpaka 1931, mmene adaonetsa anthu akuda a dzikolo ngati ana opanda nzeru oyembekezera Mzungu kuti awatsogolere. Congo panthawiyo idali pansi pa Belgium, koma Hergé adali asanapondeko. Atakalamba adavomera kuti adangotengera tsankho la anthu amene adakulira pakati pawo. Maso ake adatseguka mu 1934 pamene adadziwana ndi Zhang Chongren, wophunzira wa ku China, amene adamuphunzitsa kuti asajambule dziko la eni asanalidziwe.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adapitiriza ntchito mu nyuzipepala ya Le Soir imene idali m'manja mwa Ajeremani. Chifukwa cha ichi, dziko litamasulidwa mu 1944 adagwidwa kangapo namuganizira kuti adali kapilikoni wa adani, ngakhale sadaimbidwe mlandu m'bwalo. Adayambanso kujambula poyera mu 1946, m'magazini yatsopano yotchedwa Tintin.

Khama lake la kufufuza lidaonekera kwambiri m'nthano ya ulendo wa ku mwezi, imene idayamba mu 1950 ndi kutuluka m'mabuku awiri, Destination Moon mu 1953 ndi Explorers on the Moon mu 1954. Panthawiyo panalibe chombo chilichonse chimene chidazungulirapo dziko, pakuti Sputnik idaulutsidwa mu 1957, ndipo Neil Armstrong adaponda pa mwezi mu 1969. Pozindikira kuti mutu umodzi susenza denga, Hergé adasonkhanitsa omuthandiza monga Bob de Moor, napangitsa kachifaniziro ka roketi kokhala ndi zipinda zonse, kamene adakapita nako ku Paris kukaonetsa Alexandre Ananoff, wolemba za maulendo a mlengalenga. Cholinga chidali chakuti khomo, makwerero kapena mpando zikajambulidwa pa tsamba lina, zisasunthe pa tsamba lotsatira. M'nthanoyo Tintin adapezanso madzi oundana m'phanga la pa mwezi, ndipo mu 2009 chombo cha LCROSS cha ku America chidatsimikiza kuti madzi aliko ndithu, m'chigwa chamdima cha Cabeus.

Nchifukwa chake nzodabwitsa kuti munthu wosamala chotere adasokoneza yekha ndondomeko ya nthawi m'mabuku ake. Mu Cigars of the Pharaoh, nthano imene adayamba mu 1932, Tintin akugwidwa ku Arabia ndi kutengeredwa kwa Shehe Patrash Pasha. Shehe uja atamva dzina la mkaidi wake akukondwa kwambiri, chifukwa amawerenga maulendo a Tintin, ndipo akumuonetsa limodzi mwa mabukuwo. Poyamba buku looneka m'chithunzicho lidali Tintin in America, ulendo umene Tintin adali atangochokako. Nthanoyi itajambulidwanso ndi utoto mu 1955, m'malo mwake mudalowa Tintin in the Congo. Mu 1964 Hergé adasinthanso, naikamo Destination Moon.

Apa ndi pamene padagona vuto. Pa chikuto cha bukulo pali Tintin m'galimoto pamodzi ndi Captain Haddock ndi Professor Calculus, akulunjika ku roketi yofiira ndi yoyera. Koma pa ulendo wa ku Arabia Tintin adali asanakumane ndi aliyense wa iwo, popeza Haddock adalowa m'nthanozi kumayambiriro kwa 1941 ndipo Calculus, womanga roketiyo, adalowa mu 1943. Motero mnyamatayo akuyang'ana abwenzi amene sakuwadziwa ndi ulendo umene sadauyende.

Kusinthaku kudachitika patangopita zaka zinayi Congo italandira ufulu mu 1960, nthawi imene buku la ku Congo lija lidali litasanduka chinthu chochititsa manyazi. Chotero kachithunzi kamodziko kadasunga nyengo zitatu za moyo wa mwini wake: mnyamata wojambula mothamanga, mmisiri wokonzanso ntchito yake yakale, ndi munthu wotchuka amene ulendo wa ku mwezi udamupatsa ulemu. Hergé adalola kuti ndondomeko ya nthawi iwonongeke pang'ono, koma ntchito yake sadaiyese yomalizika. Wophunzira angatolepo mfundo yakuti cholembedwa chimakonzedwa kambiri, ndiponso kuti kukonza malo amodzi kungathe kusokoneza malo ena ngati wolemba sayang'ana ntchito yonse pamodzi.

Hergé adamwalira ku Brussels pa 3 Malichi, 1983, atadwala matenda a magazi kwa nthawi yaitali. Adasiya mabuku 23 a Tintin omalizika ndi lina losatha, Tintin and Alph-Art, limene lidasindikizidwa mu 1986 monga momwe adalisiyira, pakuti iye sadafune kuti munthu wina apitirize Tintin iye atapita. Kachithunzi ka Shehe nakonso kadatsala momwemo, ndipo wowerenga wodekha angathe kukapeza mpaka lero.