Bambo Charles-Michel de l'Épée, wansembe amene anaphunzira chilankhulo cha anthu osamva

Pakati pa ansembe amene Mpingo wakhala nawo m'dziko la France alipo mmodzi amene dzina lake silipezeka pa kalendala ya oyera, koma anthu osamva m'maiko ambiri amamutcha tate wawo kufikira lero. Ameneyu ndi Bambo Charles-Michel de l'Épée, amene anamwalira mu 1789. Mbiri yawo ili ndi kanthu kotiuza ife a kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, kumene uthenga wa zaumoyo umatipeza kawirikawiri kudzera pa wailesi, pa chimkuzamawu cha alangizi a zaumoyo ndi pa zolengeza za m'tchalitchi Lamulungu. Njira zonse zitatuzi zimadalira khutu.

Charles-Michel anabadwa mu Novembala 1712 mumzinda wa Versailles, kumene kunali nyumba yachifumu. Bambo ake anali katswiri wojambula mapulani a nyumba pa ntchito ya mfumu, kotero mwanayo anakula osadziwa usiwa. Anaphunzira za Mulungu pofuna unsembe, koma njira inatsekeka msanga. Masiku amenewo Mpingo wa ku France unali pa mkangano waukulu wokhudza chiphunzitso cha Jansen, chimene Roma anali atachitsutsa, ndipo aliyense wofuna kudzozedwa ankayenera kusaina kalata yochikana. Mnyamatayu anakana kusaina, ndipo anatembenukira ku maphunziro a malamulo. Patapita zaka, Ambuye Bossuet, episkopi wa ku Troyes, anamuitanira ku dayosizi yawo namudzoza unsembe mu 1738. Mtendere sunakhalitse. Atabwerera ku Paris, akuluakulu a Mpingo anawalanda Bambowa chilolezo cholalika ndi kumvetsa kulapa, chifukwa cha maganizo awo omwe aja. Pa nkhani imeneyo iwo anali ouma khosi, ndipo palibe chifukwa chobisira. Chotsatira chake chinali chakuti anakhala zaka zambiri ali wansembe wopanda parishi, wokhala ndi chuma chosiyiridwa ndi makolo komanso nthawi yochuluka yopanda ntchito.

Cha m'ma 1760, ali ndi zaka pafupifupi 48, analowa m'nyumba ina ya anthu wamba mu Paris, napeza atsikana awiri amapasa akusoka. Anawalankhula, koma iwo sanayankhe kapena kutukula maso. Mayi wawo atafika anafotokoza kuti anawo anali osamva, ndi kuti wansembe wina, Bambo Vanin, anali atayamba kuwaphunzitsa za chipembedzo pogwiritsa ntchito zithunzi, koma anamwalira ntchito ili pakati. Chimene chinavuta mtima wa Bambo de l'Épée chinali chimene chingavute mtima wa katekisiti aliyense: anawa adzakula ndi kumwalira osadziwa katekisimu ndi masakramenti, m'dziko lodzaza ndi matchalitchi. Anavomera kuwaphunzitsa, ngakhale anali asanaphunzitsepo munthu wosamva.

Apa mpamene pali chinthu chimene chinasiyanitsa Bambowa ndi aphunzitsi ena a nthawi yawo. Anaona kuti amapasawo ankacheza okhaokha ndi manja ndi nkhope, ankagwirizana, ankatsutsana, ankasekana. Anthu ophunzira a masiku amenewo ankaziyesa zimenezi masewera a anthu opanda nzeru, popeza ambiri ankakhulupirira kuti munthu wosalankhula sangathenso kuganiza mozama. Bambo de l'Épée anazindikira kuti chinali chilankhulo, ndipo anakhala pansi kuti ana aja awaphunzitse. Munthu wodziwa Chilatini ndi malamulo anasanduka mwana wasukulu wa atsikana osauka. Atadziwa zizindikiro zawo mpamene anayamba kuzigwiritsa ntchito powaphunzitsa kuwerenga ndi kulemba Chifalansa, kenaka chikhulupiriro. Pambuyo pake anapeza buku la Juan Pablo Bonet la mu 1620 lokhala ndi afabeti ya zala, ndipo anaphunzira Chisipanishi kuti aliwerenge.

Sukulu inayambira m'nyumba mwawo momwe, mumsewu wotchedwa rue des Moulins. Sankalipiritsa. Aphunzitsi ena a osamva analipo, monga Jacob Rodrigues Pereire, koma ankatenga ana ochepa a mabanja olemera n'kumawaphunzitsa kutulutsa mawu, ndipo luso lawo ankalibisa ngati mankhwala a sing'anga. Bambo de l'Épée ankalandira ana a amphawi, ankawalipirira malo ogona ndi chakudya kuchokera m'thumba mwawo, ndipo chitseko chinali chotsekula kwa aliyense wofuna kuona mmene ankaphunzitsira. Ophunzira anachuluka mpaka kupitirira 60. Mu 1776 anasindikiza buku lofotokoza njira yawo, ndipo mu 1784 anatulutsa lina lokonzedwanso. Mu 1777 mfumu Joseph II ya ku Austria inabwera kudzaonerera, kenaka inatumiza wansembe kuti adzaphunzire, ndipo sukulu ya osamva inatsegulidwa ku Vienna mu 1779. Mmodzi mwa oonerera, Valentin Haüy, anapita kukayambitsa sukulu ya ana osaona mu Paris momwemo, ndipo ndi pa sukulu imeneyo pamene Louis Braille anadzaphunzira zaka zotsatira.

Pali mfundo ziwiri zimene olemba mbiri amakonza pa kutamandidwa kwa Bambowa, ndipo zonse n'zofunika kwa ife. Yoyamba ndi yakuti iwo sanapange chilankhulo cha manja. Mu 1779 Pierre Desloges, bambo wosamva amene ankagwira ntchito yomata mabuku, anasindikiza kabuku kosonyeza kuti anthu osamva a mu Paris anali nacho kale chilankhulo chawo, chimene ankakambirana nacho nkhani zamtundu uliwonse popanda mphunzitsi. Mphatso ya Bambo de l'Épée inali kuchilemekeza ndi kusonkhanitsa ana ambiri pamalo amodzi, kumene chinakula.

Yachiwiri ndi yowawirapo. Pofuna kuti manja atsatire galamala ya Chifalansa liwu ndi liwu, Bambowa anawonjezera zizindikiro zambiri zopeka okha, za nthawi ya mneni, za mperekezi ndi zina zotero. Liwu limodzi linkatha kufuna zizindikiro zinayi kapena zisanu. Pa zionetsero ophunzira ankalemba pa bolodi ziganizo zosalala bwino potsatira manja a mphunzitsi, alendo n'kumaomba m'manja. Koma zinadzadziwika kuti ambiri a iwo ankatha kulemba zimene awuzidwa osatha kufotokoza maganizo awoawo m'Chifalansa, ndipo akatuluka m'kalasi ankabwerera ku manja awo a masiku onse. Aphunzitsi amene anabwera pambuyo anasiya pang'onopang'ono zizindikiro zopeka zija. Makatekisiti amalidziwa bwino vutoli, pakuti mwana amatha kuloweza mayankho onse a katekisimu osamvetsa ngakhale limodzi. Namwino amalidziwanso: wodwala akagwedeza mutu sizitanthauza kuti wamva kamwedwe ka mankhwala, makamaka wodwala wosamva, amene moyo wamuphunzitsa kugwedeza mutu kuti asachititse manyazi womulankhula.

Nkhani imene inatchukitsa dzina lawo koposa inayambira m'chipatala. Mu 1773 anthu anatola mnyamata wosamva atatayidwa pamsewu m'chigawo cha Picardie, ali ndi nsanza zokhazokha. Anakasungidwa ku Paris, ndipo atadwala anagonekedwa m'chipatala chachikulu cha Hôtel-Dieu. Anamutcha Joseph chifukwa panalibe wodziwa dzina lake. Anakhala m'menemo pakati pa madokotala ndi masisitere miyezi yambiri popanda womufunsa kumene anachokera, kufikira mu 1776 pamene Bambo de l'Épée anafika pa chipatalapo ndipo anamuonetsa kwa iwo. Ndi manja mnyamatayo anafotokoza za nyumba yaikulu, za antchito, ndi za munthu amene anamutenga pa ulendo n'kumusiya. Bambowa anakhulupirira kuti anali mwana wa banja lolemekezeka la Solar la ku Toulouse, amene ankanenedwa kuti anamwalira, ndipo anatengera nkhaniyo ku khoti. Mu 1781 khoti linavomereza, koma mu 1792, iwo atamwalira kale, khoti lina linagubuduza chigamulocho. N'kutheka kuti wansembeyu analakwitsa, ndipo munthu amene ankamuganizira kuti anataya mwanayo anazunzika m'ndende asanamasulidwe. Komabe oweruza a ku Paris anakakamizika kumva umboni wa munthu wosamva kudzera mwa womasulira, chinthu chachilendo kwambiri pa nthawiyo. Chimene chimandikhudza ine ndi miyezi ija ya m'chipatala. Mnyamatayo anali ndi zonena zambiri tsiku lililonse, kungoti panalibe wodziwa kumufunsa.

Tikabwera kwathu kuno, kolera ndi mlendo wodziwika pa nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo asodzi ambiri amakhala milungu yathunthu m'zimbowera, akumwa madzi a m'nyanja momwemo. Mliri utabuka chakumapeto kwa 2015, Unduna wa Zaumoyo ndi mabungwe othandiza anapereka katemera wakumwa mu Febuluwale ndi Malichi 2016 m'madoko monga Kachulu, pa zilumba monga Chisi, ndi kwa asodzi a m'zimbowera. Katemerayo ankamwedwa kawiri, motalikirana milungu iwiri. Poona kuti msodzi sangabwerere kumtunda tsiku lomwe auzidwa, azaumoyo anawapatsa asodziwo botolo lachiwiri kuti akamwe okha tsiku likakwana. Inali nzeru yabwino, koma yonse inatsamira pa kufotokoza: tsiku liti, kasungidwe kotani, chifukwa chiyani osamwa onse awiri nthawi imodzi. Munthu amene sanamve malangizowo anapita ndi botolo lopanda ntchito. Chimodzimodzi kasungunulidwe ka Thanzi, kathiridwe ka mankhwala m'madzi akumwa, ndi chenjezo lakuti wotsekula m'mimba athamangire kuchipatala usiku womwewo osadikira kucha. Mliri wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kolera imatha kupha m'maola ochepa.

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu 10 mwa 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'mwamba ali ndi ulumali wina, ndipo mwa amenewa pafupifupi mmodzi mwa anayi ali ndi vuto la kumva. Palibe mphakati umene ungati ulibe munthu wotere. Ena amati zikwangwani ndi timapepala zilipo, koma wosamva wa kumudzi amene sanapite kusukulu sawerenga Chichewa, chimene sanachimvepo ndi khutu. Wosaona sapindula ndi chikwangwani, ndipo agogo amene amamva bwino Chiyao kapena Chilomwe amatsalira pamene uthenga wabwera m'mawu a m'mabuku. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo panganolo limatchula za kulandira uthenga m'chilankhulo cha manja, m'zilembo za Braille ndi m'njira zina zoyenera munthuyo. Pa nthawi ya COVID-19 tinaona omasulira ndi manja pa kanema, koma kanemayo safika m'chimbowera. Kumudzi womasulira weniweni amakhala mayi, mlongo kapena mnzake wopalasa naye bwato, amene anapanga naye zizindikiro zawozawo kuyambira ubwana, monga amapasa a ku Paris aja. Mlangizi wa zaumoyo kapena katekisiti amene wayamba wafunsa munthu ameneyu mmene amanenera madzi, mimba, mawa ndi milungu iwiri, wachita zomwe Bambo de l'Épée anachita. Ndipo pomaliza ndi bwino kumupempha wosamvayo kuti asonyeze yekha mmene akachitire kunyumba, botolo kapena paketi ili m'manja. Pa nkhani za kachirombo ka HIV kapena za uchembere pamafunika kusamala kwina, pakuti si wodwala aliyense amene angafune kuti mbale wake amve zinsinsi zake, ndipo mpake kuti achipatala ena adziwe okha chilankhulo cha manja.

Bambo de l'Épée anakalamba ali mphawi, chuma chonse chitathera pa ana. Ophunzira awo ankasimba kuti m'nyengo yozizira kwambiri ya mu 1788 anakana kugula nkhuni za m'chipinda chawo poopa kuchepetsa ndalama za sukulu, mpaka anawo anachita kuwadandaulira. Anamwalira pa 23 Disembala 1789, chaka chimene dziko la France linalowa m'chipwirikiti cha kusintha kwa boma, ndipo anaikidwa m'tchalitchi cha Saint-Roch mu Paris. Mu 1791 Nyumba ya Malamulo inawaika m'gulu la anthu amene anachitira zabwino mtundu wa anthu, ndipo boma linatenga sukulu yawo, imene inatsogoleredwa ndi Bambo Sicard. Mmodzi mwa ophunzira a pasukuluyo, Laurent Clerc, wosamva, anawoloka nyanja ndi Thomas Gallaudet nakatsegula sukulu ya osamva ku Hartford m'dziko la America mu 1817.

Njira ya manja inadzakumana ndi mdani wamphamvu. Bambowa ali moyo anatsutsana m'makalata ndi Samuel Heinicke wa ku Leipzig, amene ankati osamva aziphunzitsidwa kulankhula ndi kuwerenga milomo basi. Mu 1880 msonkhano wa aphunzitsi a osamva ku Milan unagamula mokomera maganizo amenewo, ndipo kwa zaka pafupifupi 100 manja analetsedwa m'masukulu ambiri. Sukulu zoyamba za osamva m'Malawi, monga ya Maryview ku Nguludi imene anayambitsa Mabulazala a FIC, zinatsatiranso njira ya milomo kwa nthawi yaitali, ngakhale ana ankapitiriza kucheza ndi manja m'magonedwe ndi pabwalo. Msonkhano wa mtundu womwewo unachita kukana poyera chigamulo cha ku Milan mu 2010 ku Vancouver, ndipo mu 2021 bungwe la anthu osamva m'dziko muno la MANAD linatulutsa mtanthauziramawu woyamba wa chilankhulo cha manja cha ku Malawi.