Paul Ngozi: rock ya ku Chibolya yomwe tinaiiwala

Abale, ndisaname, dzina la Paul Ngozi ndinalimva koyamba mu 2024, Tyler, The Creator atatenga kachidutswa ka Nizakupanga Ngozi n'kuika mu Noid. Manyazi anandigwira: zoona za kwathu kuno ndizimvere kwa munthu wa ku America?

Dzina lake lenileni anali Paul Nyirongo. Anabadwa mu 1949, n'kukulira ku Chibolya mu Lusaka. Anayambira m'bandi ya Scorpions, n'kudzalowa Musi-O-Tunya, kenako anakhazikitsa Ngozi Family yomwe inatulutsa chimbale cha Day of Judgement mu 1976. Gitala ankaiimba ndi mano omwe, uku akusakaniza Chinyanja ndi Chingerezi.

Anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Musachite kudikira mlendo ngati ine, kamusakeni pa YouTube.