Lu Xun: Adasiya udokotala n'kutola cholembera

M'mwezi wa Malichi 1906, mnyamata wa ku China wa zaka 24 adatsanzika pasukulu ya zaudokotala mumzinda wa Sendai ku Japan maphunziro ake asanathe, ndipo sadabwererekonso. Boma la dziko lake ndilo linkamulipirira sukulu, mayeso a chaka choyamba adali atakhoza, ndipo kwawo mayi ake amasiye ankayembekezera kuti mwana wawo wachisambayu adzadzutsa banja limene lidali litagwa. Koma iye adasankha kukhala mlembi, ntchito imene panthawiyo idalibe malipiro, ndipo padalibe chitsimikizo chakuti wina adzawerenga zolemba zake. Dzina lake lobadwa nalo lidali Zhou Shuren, koma dziko lidamudziwa ndi dzina lakuti Lu Xun. Lero anthu ambiri amamutenga ngati tate wa zolembalemba zamakono za ku China.

Lu Xun adabadwa pa 25 Seputembala 1881 ku Shaoxing, m'chigawo cha Zhejiang, m'banja la anthu ophunzira ndi opeza bwino. Agogo ake aamuna adali mkulu m'boma la mafumu a Qing. Zinthu zidatembenuka mu 1893 pamene agogowo adapezeka akuyesa kupereka chiphuphu kwa woyang'anira mayeso olowera ntchito m'boma. Adatsekeredwa m'ndende kwa zaka zingapo, ndipo chuma cha banja chidayamba kusungunuka. Posakhalitsa bambo ake a Lu Xun adagwa m'matenda.

Matenda amenewa ndiwo adabzala mwa iye chikhumbokhumbo chokhala dokotala. Ali mnyamata wamng'ono, ankatumidwa kukapinyolitsa zovala ndi zodzikongoletsera za pakhomo, n'kutenga ndalamazo kukagula mankhwala amene asing'anga otchuka a mumzindawo adalamula. Mankhwala ena adali ovuta kuwapeza: nzimbe imene yapirira chisanu kwa zaka zitatu, kapena nkhululu ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, zopezeka m'una umodzi. Ndalama zidatha, matenda sadasinthe, ndipo bambowo adamwalira mu 1896, Lu Xun ali ndi zaka 15. Achibale ndi anansi amene kale ankalemekeza banjalo adayamba kulinyoza, ndipo mnyamatayu adaphunzira msanga mmene anthu amasinthira nkhope munthu akasauka.

Mu 1898 adapita ku Nanjing kukalowa sukulu ya asilikali a pamadzi chifukwa idali yaulere, kenaka adasamukira kusukulu ya zamigodi ndi njanji. Kumeneko adakumana ndi mabuku a sayansi ndipo adafika pokhulupirira kuti asing'anga amene adathandiza bambo ake ankanyenga anthu, kaya mwadala kaya mosadziwa. Mu 1902 boma lidamutumiza ku Japan. Ataphunzira chinenero ku Tokyo, mu 1904 adalowa sukulu ya zaudokotala ku Sendai. Cholinga chake chidali chomveka bwino: kubwerera kwawo kukachiza odwala onga bambo ake, ndipo nkhondo ikabuka, kukatumikira ngati dokotala wa asilikali.

Pasukulupo adali yekha wochokera ku China. Mphunzitsi wa za kapangidwe ka thupi la munthu, Fujino Genkuro, adamukomera mtima. Ankatenga makope ake n'kukonza ndi inki yofiira zonse zimene adalakwitsa, kuyambira zithunzi za mitsempha mpaka galamala ya Chijapani. Koma chifundo chimenechi chidabala nsanje. Lu Xun atakhoza mayeso, ngakhale adangokhala pakatikati pa kalasi, ophunzira ena adafalitsa mphekesera yakuti mphunzitsiyo adamuululira mafunso. Kwa iwo kudali kosatheka kuti munthu wochokera m'dziko lofooka ngati China akhoze ndi nzeru zake.

Chimene chidasintha moyo wake chidachitikira m'kalasi momwemo. Mu 1904 ndi 1905 dziko la Japan lidamenyana ndi la Russia, ndipo mbali yaikulu ya nkhondoyo idachitikira panthaka ya China, m'dera la Manchuria. Phunziro la tizilombo toyambitsa matenda likatha nthawi isanakwane, mphunzitsi ankaonetsa pakhoma zithunzi za kunkhondoko. Malinga ndi zimene Lu Xun adadzalemba pambuyo pake, tsiku lina padaoneka chithunzi cha munthu wa ku China atamangidwa, akuyembekezera kuphedwa ndi asilikali a Japan pomuganizira kuti adali kazitape wa Russia. Momuzungulira mudaima anthu a mtundu wake, a matupi athanzi, atabwera kudzaonerera, nkhope zawo zosaonetsa chisoni kapena mkwiyo.

Lu Xun adaona kuti anthu a pachithunzicho sankasowa dokotala. Matupi awo adali bwinobwino. Chimene chinkadwala chidali mtima ndi maganizo, ndipo anthu otere, ngakhale akhale amphamvu chotani, mapeto awo ndi kuphedwa kapena kuonerera anzawo akuphedwa. Adaganiza kuti mankhwala a nthenda imeneyi ndi zolembalemba. Potsanzika, poona kuti Fujino wakhumudwa, adamunamiza kuti akukaphunzira sayansi ya zamoyo kuti zimene adamuphunzitsa zisaoneke ngati zapita pachabe. Mphunzitsiyo adamupatsa chithunzi chake ngati chikumbutso.

Akuluakulu amati fodya ndi uyu ali pamphuno, ndipo zaka zotsatira zidaoneka ngati zikutsimikiza mwambiwu. Chaka chomwecho cha 1906 mayi ake adamuitana kumudzi n'kumukwatitsa kwa Zhu An, mkazi amene adamusankhira iwo. Lu Xun adamvera, koma patangopita masiku ochepa adabwerera ku Japan. Adapitiriza kutumiza thandizo kwa mkaziyo moyo wake wonse koma sadakhale naye ngati mwamuna ndi mkazi wake, ndipo Zhu An adakalamba akusamalira apongozi ake. Uwu ndi mtengo umene munthu wina wosalakwa adalipira m'mbiri ya mlembiyu.

Ku Tokyo, iye ndi anzake adakonza zoyambitsa magazini ya zolembalemba mu 1907, koma idafa isanabadwe chifukwa olonjeza ndalama ndi olemba ena adabwerera m'mbuyo. Mu 1909, pamodzi ndi mng'ono wake Zhou Zuoren, adasindikiza mabuku awiri a nthano zomasuliridwa kuchokera ku Russia ndi maiko ena a ku Ulaya. Ku Tokyo buku lililonse lidagulidwa ndi anthu pafupifupi 20 okha. Chaka chomwecho adabwerera ku China chifukwa banja linkafuna munthu wolandira malipiro. Adayamba uphunzitsi ku Hangzhou, kenaka kwawo ku Shaoxing, ndipo mwa zina ankaphunzitsa za kagwiridwe ntchito ka thupi la munthu, chidutswa cha udokotala umene adausiya.

Ufumu wa Qing utagwa, mu 1912 adalembedwa ntchito mu unduna wa zamaphunziro ndipo adasamukira ku Beijing. Adagwira ntchito m'nthambi yoona za malaibulale ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale. Masana ankakhala muofesi, usiku ankakopera zolembedwa pamiyala yakale ali yekha m'chipinda chake. Adaona kuti boma lasintha dzina koma makhalidwe a olamulira ndi olamulidwa adali omwe aja. Munthu amene adasiya udokotala kuti adzutse mtundu adali tsopano kalaliki wa boma amene adataya chiyembekezo.

Amene adamutulutsa m'chipindamo adali mnzake Qian Xuantong, mmodzi mwa akonzi a magazini ya Xin Qingnian, dzina lotanthauza achinyamata atsopano. Atamupempha kuti alembe kanthu, Lu Xun adayamba wakana. Adafanizira dziko lake ndi nyumba yachitsulo yopanda mazenera, yodzaza ndi anthu ogona amene posachedwa afa chifukwa chosowa mpweya. Adafunsa ngati n'chifundo kudzutsa ochepa kuti afe akudziwa. Mnzakeyo adayankha kuti ochepawo akadzuka, palibe anganene kuti nyumbayo singagumulidwe. Lu Xun adavomera kuyesa.

Mu Meyi 1918, patapita zaka 12 chichokereni ku Sendai, magaziniyo idasindikiza nthano yake yotchedwa Kuangren Riji, kutanthauza buku la tsiku ndi tsiku la munthu wamisala. Aka kadali koyamba kugwiritsa ntchito dzina lakuti Lu Xun, limene mbali yake yoyamba adaitenga ku dzina la mtundu wa mayi ake. M'nthanoyi munthu wodwala mutu amakhulupirira kuti anthu onse a m'mudzi mwake, ngakhale mkulu wake, ndi odya anzawo, ndipo akawerenga mabuku a mbiri yakale amapeza kuti kuseri kwa mawu okoma a chilungamo ndi ulemu kuli kudyana komweko. Kufunika kwa nthanoyi kudalinso m'chinenero chake. Kwa zaka mazanamazana, zolembedwa zolemekezeka ku China zinkakhala m'chinenero chakale cha m'mabuku chimene ophunzira okha ankachimva. Lu Xun adalemba thunthu la nthano yake m'chinenero choyandikira chimene anthu ankayankhula, ndipo adaonetsa kuti chingathe kunyamula maganizo akuya.

Maphunziro a ku Sendai sadapite pachabe, pakuti matenda, odwala ndi mankhwala abodza zili ponseponse m'zolemba zake. M'nthano ya 1919 yotchedwa Yao, kutanthauza mankhwala, makolo osauka amagula mkate woviikidwa m'magazi a mnyamata amene wanyongedwa chifukwa cholimbana ndi boma, pokhulupirira kuti uchiza chifuwa chachikulu cha mwana wawo. Mwanayo amamwalirabe, ndipo palibe amene amamvetsa chimene wonyongedwayo adafera. Pakati pa 1921 ndi 1922 nyuzipepala ina ya ku Beijing idasindikiza pang'onopang'ono mbiri ya Ah Q, waganyu amene akamenyedwa kapena kunyozedwa amadzitonthoza kuti mumtima ndiye wapambana, kenaka n'kukazunza wofooka kuposa iye. Mpaka lero ku China dzina la Ah Q limagwiritsidwa ntchito ponena munthu wodzinamiza chotere. Khamu loonerera la pachithunzi chija limabweranso kumapeto kwa nthanoyi, likudandaula kuti kuphedwa kwa Ah Q sikudasangalatse mokwanira. Nthanozi zidasonkhanitsidwa m'buku lotchedwa Nahan mu 1923, ndipo lina, Panghuang, lidatsatira mu 1926.

Kutchuka sikudamubweretsere mtendere. Pa 18 Malichi 1926 asilikali a boma adawombera anthu ochita zionetsero ku Beijing n'kupha oposa 40, kuphatikizapo wophunzira wake Liu Hezhen. Lu Xun adadzudzula boma poyera, ndipo chaka chomwecho adachoka mumzindawo n'kusiya ntchito ya mu unduna imene adaigwira zaka 14. Adaphunzitsa miyezi yochepa payunivesite ya Xiamen, kenaka ku Guangzhou, kumene adatula pansi udindo mu 1927 ophunzira ake ena atamangidwa pa nthawi imene chipani cha Kuomintang chinkasaka Achikomyunizimu. Mu Okutobala chaka chimenecho adakhazikika ku Shanghai pamodzi ndi Xu Guangping, amene kale adali wophunzira wake ndipo adabereka naye mwana wamwamuna mu 1929. Sadagwirenso ntchito yokhazikika ya uphunzitsi. Ali ndi zaka 46, kulemba kudakhala ntchito yake ya tsiku ndi tsiku.

Zaka za ku Shanghai zidali za nkhani zazifupi zakuthwa za m'nyuzipepala, zodzudzula olamulira, ophunzira odzikonda ngakhale anzake a mbali imodzi pandale. Pozemba ofufuza zolembedwa a boma adagwiritsa ntchito maina opeka oposa 100. Adali mmodzi mwa atsogoleri a bungwe la alembi otsutsa boma limene lidakhazikitsidwa mu 1930, ngakhale iye sadalowe chipani cha Chikomyunizimu. Mu Febuluwale 1931 alembi achinyamata asanu a bungwelo, mmodzi wa iwo Rou Shi amene ankamukonda kwambiri, adaphedwa ndi boma, ndipo Lu Xun adabisala ndi banja lake kwa kanthawi. Adathandiza olemba ongoyamba kumene kusindikiza mabuku awo, adalimbikitsa luso losema zithunzi pathabwa n'kuzidinda papepala chifukwa lidali lotsika mtengo ndi losavuta kufalitsa, ndipo adamasulira buku la Nikolai Gogol wa ku Russia thanzi lake likufooka.

Adamwalira pa 19 Okutobala 1936 ali ndi zaka 55, atavutika ndi chifuwa chachikulu, nthenda yomwe adailemba m'nthano yake ija. Anthu zikwizikwi adaperekeza maliro ake m'misewu ya Shanghai. Pambuyo pake Mao Zedong adamutamanda kwambiri ndipo zolemba zake zidalowa m'mabuku a sukulu, ngakhale mwini wake adali munthu wosagonjera olamulira a mtundu uliwonse.

Anthu akamakamba za Lu Xun amakonda kukumbukira tsiku limene adachoka ku Sendai, koma kuchokako kudali kosavuta poyerekeza ndi zaka 12 zotsatira, za magazini yolephereka, mabuku osagulidwa ndi ntchito ya muofesi imene idadyetsa banja pamene cholembera chidali chisanabale kanthu. Cholinga chimene adapita nacho kusukulu ya zaudokotala, chochiza anthu onga bambo ake, sadachisiye, ndipo ntchito yakale sadainyoze. Chithunzi cha Fujino adachipachika pakhoma moyang'anizana ndi tebulo lake lolembera ku Beijing, ndipo mu 1926 adalemba nkhani yomuthokoza ngati mphunzitsi amene adamulimbikitsa koposa. Awiriwa sadaonanenso. Chipinda chimene ankaphunziriramo chikusungidwa mpaka lero payunivesite ya Tohoku ku Sendai, ndipo alendo ochokera ku China amapita kukachiona.