Rudolf Virchow ndi Kholingo la Mfumu

Tsiku lija aphunzitsi a sayansi anatisonyeza khungu la anyezi pa maikulosikopu, ena a ife sitinaone kanthu koma nsidze zathu zomwe. Munthu amene ndifuna kukuuzani za iye anasuzumira m'chipangizo chotere zaka zoposa 50.

Rudolf Virchow anabadwa m'chaka cha 1821 ku Schivelbein, tauni imene tsopano ili m'dziko la Poland, ndipo anaphunzira udotolo ku Berlin. M'buku lake la 1858 anaphunzitsa kuti selo lililonse limabadwa kwa selo linzake, ndi kuti nthenda imayamba pamene maselowo alakwika. Khansa nayonso ndi maselo a mwini thupi amene achulukana mopanda lamulo.

Chiyeso chake chachikulu chinafika mu 1887. Frederick, mwana wa mfumu ya ku Germany, anasasa mawu. Madotolo a ku Berlin anati ndi khansa ya m'kholingo, nafuna kumchita opaleshoni. Koma Morell Mackenzie, dotolo woitanidwa kuchokera ku London, anadula tinyama pachotupacho natipereka kwa Virchow. Iye anatiyang'ana bwinobwino osapezamo khansa, ndipo opaleshoni ija inalekeka. Tsoka ilo, khansayo inalimo! Frederick analowa ufumu mu March 1888 asakutha kulankhula, nalamulira masiku 99 okha, namwalira pa 15 June.

Ambiri anamdzudzula Virchow. Ine ndiganiza kuti mlanduwu suli wake yekha, pakuti munthu amaweruza chimene wapatsidwa, ndipo kanyama kodulidwa pamwamba kangathe kusiya nthenda pansi. Akatswiri a lero ali ndi mwayi umene iye analibe. Iwo amabzala maselo a khansa ya pakhosi m'thupi la mbewa zowetedwa m'labotale (osati zija timakumba kumudzi patchuthi), ndipo chotupa chikakula amachichotsa chonse, nachicheka mopyapyala, nachipaka mankhwala a mtundu kuti maselo aoneke, kuyambira pamwamba kufikira pansi. Koma funso limene amafunsa ndi la Virchow lomwe lija: kodi maselo awa asiyana bwanji ndi abwino?

Mu January 1902, ali ndi zaka 80, mkuluyu analumpha pa tramu ya magetsi ku Berlin nathyoka fupa la ntchafu. Sanachirenso kwenikweni, ndipo anamwalira pa 5 September chaka chomwecho.