William Koyi, Munthu wa Theka la Talente

Pamene tikumbukira iwo amene anatsogola kulima munda uno wa Ambuye, nkoyenera kuti tichule dzina la William Koyi. Sanali mbusa, kapena sing'anga, kapena mwini maphunziro akuya. Koma ife tiyesa kuti mwa iye tipenya bwino makulidwe ace a Mkristu.

Koyi anali wa mtundu wa Axhosa ku South Africa. Pa unyamata wace anayendetsa ngolo za ng'ombe, nagwira nchito ya manja ku Port Elizabeth. Atatembenuka mtima anamva ludzu la kudziwa Mau a Mulungu, nayenda pansi ulendo wautali kunka ku sukulu ya ku Lovedale, ali munthu wamkulu kale.

M'caka ca 1876 Dotolo James Stewart anafuna anthu akupita naye ku Nyanja yathu. Koyi anaimirira, naulula kuti nzeru zace nzocepa, zosafika ngakhale talente imodzi koma theka lace lokha, ndi kuti alola kutema nkhuni ndi kutunga madzi. Anasankhidwa pamodzi ndi anzace atatu, nafika ku Cape Maclear caka comweco.

Tsono taonani macitidwe a Mulungu. Munthu uja wodziyesa wacabe anali naco cinthu cimene Azungu analibe, ndico cinenero ca kwao cofanana ndi ca Angoni. Potero m'caka ca 1878 anaperekeza Dotolo Laws kwa mfumu Cikuse, ndipo pambuyo pace anakhala mkamwa mwa Misyoni pamaso pa M'mbelwa. M'caka ca 1882 anamanga ku Njuyu pakati pa Angoni.

Zaka za ku Njuyu zinali zowawa. Mafumu analetsa sukulu, poopa kuti ana akaphunzira adzataya nthungo. Nkhondo zinapitirira pamaso pace kukathira midzi ya Atonga. Koyi sanathawe, ndiponso sanabwezere mau oipa. Anakhala pansi pa bwalo monga mwa mwambo wao, napereka ulemu kwa akuru, nacenjeza mofatsa za kukhetsa mwazi. Anacitira cifundo wocita nkhondo ndi wogwidwa kunkhondo yemwe, kufikira Angoni anamkonda, namucha Mtusane. Anyamata owerengeka anadza usiku mobisala kudzaphunzira. Zipatso zooneka zinali zomwezo basi.

M'caka ca 1886 mafumu analola sukulu. Mbiriyo inampeza Koyi ali gone ndi nthenda, ndipo anakondwera kwakukuru. Anamwalira pa 4 June caka comweco, naikidwa ku Njuyu. Ubatizo woyamba wa Angoni, wa Mawelera Tembo ndi mbale wace Makara, unacitika m'caka ca 1890, iye atagona kale m'manda.

Abale, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, tidziyese tokha. Kawirikawiri ife tidandaula pamene dzina lathu silichulidwa pa msonkhano, kapena titaya mtima pamene kalasi licepa ndipo mwini mudzi atiuma mtima. Ena a ife tikumbira pansi mphatso yathu cifukwa tiiyesa yaing'ono. Koyi anapereka theka lace lonse, nadikira zaka zinai osaona zokolola, osaleka kukonda anthu omkaniza. Kukula m'Cikristu ndi kumeneko. Ambuye atipatse ife mtima womwewo, kuti amene adzaliza lipenga pambuyo pathu adzapeze munda uli wolimidwa.