Alec Reeves

Alec Harley Reeves (10 Malichi 1902 – 13 Okutobala 1971) anali injiniya wa ku England yemwe anatulukira ampulifaya ya Class D. Anabadwira ku Redhill, m'dera la Surrey, ndipo anaphunzira ku Imperial College London.

Mu 1938, akugwira ntchito ku Paris, analembetsa luso la PCM, njira yosandutsa mawu kukhala manambala yomwe imagwira ntchito m'mafoni ndi m'ma CD. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse anathandiza kupanga Oboe, chipangizo cholondolera ndege zoponya mabomba.

M'zaka za m'ma 1950, Reeves anabwera ndi ampulifaya yomwe imayatsa ndi kuzimitsa magetsi mofulumira kwambiri. Maampulifaya akale a Class A ndi AB amatentha kwambiri, mphamvu yambiri n'kumangotayika, choncho amafuna zitsulo zolemera zoziziritsira. Class D sitentha choncho, ndi yopepuka ndipo sithetsa batire msanga. Popeza besi imadya mphamvu yochuluka, masipika ambiri a besi masiku ano amayendera Class D, ngakhale anthu ena amakondabe kamvekedwe ka Class AB.

Reeves analandira ulemu wa CBE mu 1969.